Ndinabwerako ndi Ukonde Wokha

Maganizo ochoka ku Mulanje anandipeza ndili m'madzi ofika m'chiuno. Unali mwezi wa Novembala, zaka zitatu itatha njala ya 1949, ndipo ndinali kukhoma zikhomo za biyo yogwirira nsomba mu mtsinje wa Ruo, kwawo kwa mkazi wanga Esinati kumene ndinali pa chikamwini. Madzi a Ruo amachokera m'phiri, ndiye kaya kunja kutenthe bwanji, miyendo imachita dzanzi. Mlamu wanga Jemusi anali phee pamwala, akudya mango n'kumandilozera pokhoma. Atakhuta anasamba m'manja, nati, "Alamu, anzanu akabwera ku Halale, akazi awo amagawa nsalu mudzi wonse. Inu chikwatirireni achemwali anga mwagawa chiyani? Chifuwa?"

Anaseka, nanenso ndinaseka, paja mkamwini sawiringula. Koma mawuwo anandibaya. Kwathu kuno munthu akabwera ku ulendo samasula yekha katundu. Amamutula kwa mkazi wake, ndipo mkaziyo amaitana abale, n'kumasula pamaso pawo, n'kumagawa, uyu mpango, uyu malaya, uyu sopo. Tsiku limenelo mkazi amayenda mapewa ali m'mwamba. Esinati anali atalandirapo timipango kwa anzake kangapo, koma iye anali asanagawepo ndi singano yomwe. Ndalama za tikiti yanga yothyola tiyi zinkathera ku msonkho ndi mchere.

Biyo ndi mpanda wa nsungwi ndi bango umene amadutsitsa pamtsinje, n'kutcheramo miono. Mvula yoyamba ikagwa, matemba ndi milamba zimakwera kukaikira mazira m'timitsinje, ndipo zikagunda mpandawo zimalowa m'miono. Biyo yathu inali ya a Mukhova, amalume ake a Esinati, munthu wanthabwala amene khasu linkamudana ndipo iyenso ankalida. Chaka chilichonse ankandiuza kuti pakati penipeni ndisiye mpata woti munthu n'kudutsa atatambasula manja. Ankautcha khomo la azimayi. "Siya apo, mkamwini, adutse amimbawo. Ukawagwira onse, chaka chamawa udzadya miyala?" Mudzi wonse unkati ndi ulesi basi, a Mukhova safuna kudula nsungwi zokwanira. Nanenso ndinkakhulupirira choncho, koma zinkandikomera, chifukwa wodula nsungwiyo ndinali ine.

Amene anandiuza za ntchito anali munthu wina wa ku Milanje, tsidya la Mozambiki, wogulitsa nsomba zamchere pamalire pa Muloza. Anati kunyanja yamchere, kumunsi kwa Kelimane kumene Zambezi amagawikana timikono tambirimbiri, kuli Mpwitikizi amene akufuna anthu osaopa madzi. Amayi anga atamva anagwira pakamwa. Iwo anachoka ku Mozambiki ali kamtsikana, kuthawa ntchito yokakamiza, ndiye ati mwana wawo abwerere komweko ndi miyendo yake? Ndinawayankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anati, "Iwe si mwana wa ng'ona, ndiwe mwana wanga." Esinati anali ndi pakati. Sanalire pamaso panga. Anandikazingira chimanga, nati, "Pitani, koma mukabwere mwana asanaphunzire kutchula munthu wina kuti bambo."

Ndinawoloka pa Muloza wapansi, n'kukwera lole mpaka ku Mokuba, sitima mpaka ku Kelimane, kenako bwato. Munthu wobadwira pansi pa phiri, ndinafika kudziko lopanda ndi chulu chomwe. Kulikonse madzi, matope ndi mitengo yomera m'madzi amchere, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Tinkakhala m'zisakasa pambali pa thamanda lalikulu limene limalumikizana ndi nyanja pa kamlomo kopapatiza. Kawiri patsiku madzi ankalowa pa kamlomoko n'kudzaza thamandalo, kenako n'kubwerera. Nsomba zinkalowa ndi madzi, n'kutuluka ndi madzi. Ntchito yathu inali yosavuta kuimvetsa: madzi akadzaza, kutseka kamlomoko ndi ukonde, ndipo akaphwa, kutola zonse zotsala m'matope, kuzithira mchere, kuziyanika. Patarau, ndiye bwana wathuyo, ankazigulitsa ku minda ya kokonati ndi ya nzimbe kuti zikhale ndiwo za antchito.

Sabata yoyamba yomweyo ndinatchuka. Kapitawo ataona kuti ndimadziwa kukhoma zikhomo m'madzi, anandipatsa chigawo chapakati. Ndinakhoma bwinobwino, ndinamanga ukonde uku ndi uku, n'kusiya pakati mpata wa manja awiri. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita zimene anazolowera. Madzi atayamba kubwerera, nsomba zinathamangira pampatapo, madzi kuchita kuwira. Kapitawo anafika akuthamanga m'matope, chipewa chitagwa.

"Bulu iwe! Ichi n'chiyani?"

"Khomo la azimayi," ndinatero ine, mtima uli m'malo.

Anandiwomba ndi chingwe chonyowa kumsana, ndipo anzanga anaseka mpaka kugwa m'matope. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Wayisoni linafa, ndinakhala Khomo. Amene sanaseke anali mmodzi, Zuze, mwini dera, bambo wa ana ambiri amene ankamva Chilomwe. Madzulo ake anandipaka mafuta a kokonati pamsana, nati kale iwonso potchera ankasiya njira, koma chibwerereni ukonde wa patarau, misampha yake ya m'kati mwa thamanda inasiya kugwira, ndiye anangobwera kudzalembedwa ntchito pa madzi a bambo ake omwe. Mawa lake ndinatseka ponse, ndipo sindinasiyenso mpata.

Ndisaname, chaka choyamba ndinasangalala. Nsomba zinali zazikulu ngati ntchafu, zina sindinazidziwe ndi maina omwe. Ndinkadya mpaka kunyansidwa nazo. Tindalama tinkabwera, ngakhale tambiri tinkabwerera kwa patarau yemweyo, chifukwa sitolo inali yake ndipo kunalibe ina. Zotsala ndinkapatsira wogulitsa nsomba uja akabwera kudzapikula, kuti akasinthe pa Muloza n'kukapereka kwa Esinati. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira. Uthenga nawo unkayenda pakamwa pa munthu yemweyo, ndipo unkafika utachita nkhungu. Ndinamva kuti ndili ndi mwana wamkazi, dzina lake Filesi, mwanayo atayamba kale kukwawa. Tsiku limenelo ndinakakhala ndekha pa bwato lovundikira, ndinalira. Chimene ndinkachisowa kwambiri chinali chopusa: kudzuka m'mawa n'kukweza maso, n'kupeza phiri. Kumeneko ukakweza maso umangopeza thambo.

Chaka chachiwiri nsomba zazikulu zinayamba kuchepa. Patarau sanadandaule, anangoitanitsa ukonde wa maso aang'ono, oti ndi kachala kakang'ono komwe sikalowa. Uwu sunkasiya kanthu. Madzi akaphwa, matope onse ankachita mbuu ndi tiana ta nsomba, tina tooneka mbali zonse ngati kagalasi, tosatheka kuthira mchere. Tinkatikokolola ndi mafosholo n'kukatikwirira pansi pa mitengo ya kokonati ngati manyowa. Mbalame zinanenepa mpaka kulephera kuuluka. Mitengo ya m'madzi ija tinkaisenda makungwa onyikira maukonde kuti asaole, ina n'kudula ya nkhuni, ndipo pamene tadula, matope ankagumukira m'thamanda. Zuze anandiuza kuti m'mizu imeneyo ndi mmene tiana ta nsomba timabisala mpaka titakula. Ankanena akudula nawo, nanga akanatani, ana ake akanadya chiyani?

Amayi a m'midzi yozungulira kale ankabwera ndi madengu madzi akaphwa, kudzatola ndiwo za tsikulo. Tsopano ankangoima chapatali kutiyang'ana. Tsiku lina gogo wina anayandikira, anatapa tiana tija kudzaza dzanja, n'kundionetsa pafupi ndi mphuno, akulankhula mwaukali chilankhulo chawo. Ndinafunsa Zuze kuti akuti chiyani. Zuze anati, "Akufunsa ngati kwanu mumakolola chimanga chisanabereke." Ndinachita manyazi, ndipo pofuna kudziteteza ndinayamba kudzitama. Ndinati kwathu ku Mulanje sitichita zimenezi, kwathu mtsinje timausiyira khomo, nsomba sizitha. Nkhani imeneyi ndinaibwereza zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, mpaka a Mukhova aulesi aja anasanduka munthu wamkulu m'kamwa mwanga. Zuze ankakonda kuimva. Ankati, "Khomo, ukadzapita kwanu ukandisiyireko kamalo."

Thamanda lathu litauma nsomba, tinasamukira pa kamlomo kena, kenako kena. Paliponse zinkayenda chimodzimodzi, miyezi ya phwando kenako matope okhaokha. Anthu a m'midzi anayamba kudya nkhanu ndi nkhono, anyamata awo n'kumakalembetsa ku minda ya nzimbe, kumene ankawapatsa ndiwo za nsomba zathu zomwe zija. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chaka chachinayi patarau anagulitsa mabwato, nati akupita ku Beira. Za malipiro a miyezi yomaliza anatambasula manja, nati titenge maukonde tigawane. Ine anandiponyera wa maso aang'ono uja, wautali ndithu, wofiirira ndi makungwa, wonunkha mchere. Zuze anakana gawo lake. Anandiperekeza mpaka pa bwato, nati, "Ine ndiutchera pati? Pita, ukapereke moni ku khomo lako lija."

Ndinasenza mtolo wanga ulendo wonse. Anzanga obwera ku Joni ankatsika lole ndi masutikesi, njinga ndi magalamafoni. Ine ndinali ndi chiguduli cha ukonde, malaya awiri ndi kabotolo ka mafuta a kokonati. Msilikali wa pa Muloza atasuzumira m'chigudulimo anaseka, nati, "Achimwene, phirili mukukaligwira ndi ukonde?" Nditaona phiri lija litavala mitambo, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu nthawi ndithu, chimwemwe ndi manyazi zitandigwira pamodzi.

Esinati ndinamupeza akusinja. Anaimika munsi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Mwaonda." Kenako anagwada n'kundilandira mtolo. Filesi anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo zinatenga masiku kuti alole kundiyandikira. A Mukhova anali atamwalira chaka chapitacho, uthenga wake unatayika m'njira. Ndinamvanso, osati kwa Esinati koma kwa anthu a pa mowa, kuti apongozi anga anali atatopa kudikira. Panali kapitawo wina wa ku esiteti, wa nyumba yamalata, amene ankabwera ndi shuga, ndipo apongozi ankamuyalira mphasa. Esinati yekha ndiye ankakana, ankati amuna ake akubwera ndi katundu. Mudzi wonse unkadikira kuona katunduyo.

M'mawa mwake ndinatsikira ku Ruo, kumtsinje umene ndinkadzitama nawo kunyanja. Ndinaima pamwala wa Jemusi uja n'kuyang'ana uku ndi uku. Minda inali itafika m'madzi, mabango atatha, madzi ali ofiira. Biyo yathu inalipo, yotseka kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lija, popanda ndi podutsa chule pomwe. Kumunsi kwake kunali ina, kumunsi kwa iyo inanso. Mayi wina amene ankachapa anandiuza kuti m'chilimwe anthu amathira katupe m'maiwe, nsomba zonse n'kuyandama, chifukwa tsiku lamalipiro ku makomboni a tiyi chilichonse chimagulidwa, ngakhale kansomba kochepa ngati tsamba la bwemba. Sindinawaone ngati anthu oipa. Anthu anali atachuluka, minda yabwino ili pansi pa tiyi, msonkho sudikira. Koma ndinakumbukira Zuze akuti ndimusiyire kamalo, ndipo ndinayamika kuti sanabwere nane.

Jemusi tsopano anali ndi njinga yogula ndi nsomba zomwezo. Anabwera kunyumba madzulo, n'kupisa dzanja m'chiguduli chimene Esinati anaika pakona. Atakhudza maso a ukonde uja, nkhope yake inawala.

"Alamu! Zimenezi mumabisa? Uwu tikautchinga pamene kamtsinje kathu kamathira mu Ruo, mvula yoyamba yokha tigula njinga yachiwiri. Mabiyo onsewa ndi masewera."

Anatuma mwana kukagula mowa, anandipatsa mpando wake, n'kumanditchula kuti achimwene. Apongozi atamva anandiphera nkhuku. Chikwatirireni pamudzipo ndinali ndisanalandirepo ulemu wotere, ndipo unandikomera, ndisabise. Ndikalola, ndikhala munthu, kapitawo wa shuga uja aiwalika. Ndikakana, ndine mkamwini amene anasowa zaka zinayi n'kubwera chimanjamanja, ndipo mkamwini wotere amamuonetsa njira. Koma ndikatseka maso ndinkaona mafosholo aja.

Ndinamuuza Esinati tili kumunda, tikuswa mphanje kudikira mvula. Ndinamuuza zonse, za thamanda, za tiana tokwirira pansi pa kokonati, za gogo uja, za Zuze wogwira ganyu pa madzi a bambo ake. Anamvetsera akulima, osaweramuka.

"Ndiye mumuuza chiyani Jemusi?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Ndikakana, amayi anu andithamangitsa."

"Mukalola?"

"Zaka ziwiri, mwina zitatu. Kenako Filesi azidzangomva kuti mu Ruo munali matemba."

Anagwedeza dothi ku khasu, nati, "Amalume ankati inu nokha ndi amene simunkanyinyirika posiya khomo lija." Ndinafuna kumuuza kuti chinali chifukwa cha nsungwi, koma ndinangopitiriza kulima mpaka tinaweruka.

Lamlungu titabwera kutchalitchi, Esinati anayala mphasa pabwalo n'kuitana abale onse, ati akufuna kumasula katundu wa amuna ake. Agawa chiyani, malaya anga awiri? Anthu anasonkhana, apongozi kutsogolo, Jemusi atatsamira njinga yake akumwetulira. Esinati anakoka chiguduli, anatulutsa ukonde, n'kuuza atsikana awiri kuti autambasule. Unadutsa bwalo lonse mpaka kukafika ku khola la mbuzi, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako anapisa m'chilundu chake n'kutulutsa sizasi yaikulu imene anabwereka kwa telala. Anayeza mikono inayi monga amayezera nsalu m'sitolo ya Mmwenye, n'kudula.

Phokoso la sizasi ija ndimalimvabe. Zinali ngati akudula zaka zanga zinayi, ndipo zinandipweteka zedi, ngakhale ndinazindikira nthawi yomweyo chimene akuchita. Anapinda chidutswacho bwinobwino, anayenda chogwada mpaka kwa amayi ake, nati, "Amayi, akamwini anu akuti muzifunditsa ufa mukayanika, nkhuku zakuvutani kokwana." Anadulanso, "Azakhali, ichi n'cha anapiye anu, mphamba aone zina." Wina analandira chotchingira mbewu za fodya, wina chonyamulira chinangwa.

Jemusi anagwetsa njinga. "Achemwali, mwapenga? Mukudziwa mtengo wa chinthu chimenechi?"

Esinati sanakweze mawu. Anadula kachidutswa kokwana mkono umodzi, n'kumutambasulira. "Si iwe unkadandaula kuti amuna anga sagawa? Lero agawa. Landira ndi manja awiri."

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Jemusi anayang'ana kwa amayi ake kuti amuthandize, koma mwambo ndi mwambo, katundu wa paulendo amagawa ndi mkazi, ndipo wolandira sasankha. Apongozi anatembenuza chidutswa chawo uku ndi uku, anachikoka kuyesa kulimba kwake, kenako anati, "Zikomo, akamwini. Chinthu chochokera kutali." Azakhali analuluta. Tsiku limenelo palibe nyumba imene inabwerera chimanjamanja, ndipo Esinati anayenda mapewa ali m'mwamba. Kapitawo wa shuga sanaonekenso.

Anthu atabalalika ndinamufunsa kuti ife watisungira chiyani. Anandionetsa m'manja, munali sizasi yokha. "Ine ndalandira kale," anatero, n'kupita kukabweza sizasiyo kwa telala.

Jemusi anakhala mwezi osandilankhula, koma mvula itayandikira anasowa wolowa m'madzi ozizira aja, chifukwa iye ndi madzi a Ruo sankamwerana. Ndinadula nsungwi, ndinakhoma zikhomo, n'kusiya pakati mpata wa manja awiri. Sindinganene kuti mtsinje unachira. Mabiyo a kumunsi anakhalabe otseka, katupe sanathe, ndipo nsomba zimene zinkafika pa ife zinali zowerengeka. Zidutswa za ukonde zija zinaola kalekale, ndipo za Zuze sindinamvenso. Ndinapita kunyanja ndikuganiza kuti khomo lija ndi mwambo wa dziko lathu lonse, woti sungafe. Ndinabwera n'kupeza kuti linali la munthu mmodzi, ndipo atamuika m'manda linatsekedwa chaka chomwecho.

Tsiku lomwe ndinamaliza biyoyo, Jemusi anabwera kudzakhala pamwala wake, mango ali m'manja. Anayang'ana mpata uja nthawi yaitali, anapukusa mutu, nati, "Alamu, zaka zinayi kunyanja, mwangobwerako ndi ulesi wa amalume."

"Eya," ndinatero ine, madzi ali m'chiuno, kena kake koterera kakundikhudza mwendo podutsa. "Umenewo wokha achemwali anu sanagawe."